Kodi ziwiya zodula za kukhitchini n'zoyenera ndalama zathu?

Chaka chatha ndinaitanidwa ku kitchen top-up ya mayi wina wa mumphakati mwathu. Mwambo unakoma: nyimbo, nthungululu ndi perekaniperekani mpaka dzuwa kupendeka. Pa mphatso zomwe zinaunjikidwa kutsogolo panali microwave, blender ndi mapoto onyezimira. Patapita miyezi inayi ndinapita kukazonda mwana wake wamng'ono yemwe anali atangotuluka m'chipatala atadwala chibayo. Microwave ija ndinaipeza pakabati pabalaza, itafunditsidwa kansalu koluka. Mayiyo anali m'kakhitchini kopanda zenera, mwana ali kumbuyo, akuuzira nkhuni zosauma pa mafuwa, maso ali psuu ndi utsi. Anandiuzanso kuti anali akubwezabe ngongole ya ku banki m'khonde yomwe anatenga pokonzekera tsikulo.

Sindinganene kuti utsi wokha ndiwo unadwalitsa mwanayo. Koma ndinabwerera kunyumba ndili ndi funso lomwe ndikufuna tikambirane, amayi anzanga: tikamawononga ndalama pa ziwiya, kodi tikugula zotani? Ziwiya zina zodula n'zothandizadi, zina ayi. Chiwiya chimayenera mtengo wake ngati chikuteteza thanzi la banja, chikupulumutsa nkhuni, makala kapena magetsi, ndiponso chikugwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Mafunso anayi musanatulutse ndalama

Loyamba: ndidzachigwiritsa ntchito kangati? Tiyerekeze kuti poto wolimba ndi blender zonse zili pa K60,000. Poto mukaphikira tsiku lililonse kwa zaka zisanu, ndiye kuti mwaphikiramo koposa ka 1,800, ndipo kuphika kulikonse kwakudyerani pafupifupi K33. Blender mukamaitulutsa kamodzi pamwezi kwa zaka ziwiri kenako n'kupsa, mwaigwiritsa ntchito ka 24 kokha, ulendo uliwonse K2,500. Mtengo wa m'sitolo ndi umodzi, koma wina wapindula, wina wataya.

Lachiwiri: chimadya chiyani? Ziwiya zamagetsi zimalembedwa mphamvu yake pansi kapena kumbuyo. Chiwiya cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yuniti imodzi. Choncho hot plate ya mawati 1,500 ikaphika nyemba kwa maola atatu ikhoza kudya mayuniti oposa anayi.

Lachitatu: chikawonongeka, alipo wochikonza pafupi, ndipo zipangizo zake zimapezeka? Lachinayi: chikusintha chiyani pa thanzi la anthu a m'nyumba mwanga? Monga namwino ndi mzamba, funso lomalizali ndi lomwe ndimalilemekeza kwambiri.

Yambani ndi moto

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka utsi wa pophika. Mwa iwo, oposa 237,000 anali ana osafika zaka zisanu. Utsi umakhala ndi tizidutswa tating'ono kwambiri tomwe timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo. Timayambitsa chibayo kwa ana, chifuwa chosatha ndi kubanika kwa amayi achikulire omwe sanasutepo fodya, matenda a mtima ngakhalenso ng'ala m'maso. Mayi woyembekezera akamapuma utsi tsiku ndi tsiku amakhala pachiopsezo chobereka mwana wochepa sikelo.

Makala nawo si abwenzi ayi, ngakhale utsi wake suoneka. Amatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe ulibe fungo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi anthu ena amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mazenera. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ena sadzukanso.

Nanga kugula mbaula yodula kumathetsa vutoli? Funsoli linafufuzidwa kwathu konkuno. M'maboma a Chikwawa ndi Karonga, akatswiri a ku Liverpool pamodzi ndi anzawo a ku Malawi anatsatira ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kafani koyendera mphamvu ya dzuwa, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Chibayo sichinachepe pakati pa ana a m'mabanja omwe analandira mbaulazo, ngakhale kuti ana opsa ndi moto anachepa. Mbaulazo zinkawonongeka pafupipafupi, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa kwa aneba ndi wa zinyalala zotenthedwa.

Phunziro lake n'lakuti chiwiya pachokha sichichiritsa. Chitetezo mbaula, yomwe amayi amaumba ndi dothi, ndi yotsika mtengo, imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, ndipo mukhoza kuinyamula n'kukaphikira panja pomwe mphepo ikudutsa. Iyi ndiyoyenera kugula. Koma pamodzi nayo muumitse nkhuni musanasonkhe, muboole zenera kukhitchini, ndipo mwana mum'tsitse kumbuyo n'kumusiya ndi wina kutali ndi utsi pamene mukuphika.

Kwa omwe angakwanitse, gasi ndi magetsi ndizo zimachotsadi utsi m'khitchini. Silinda ya gasi imafuna ndalama zambiri poyamba, koma ndikadasankha pakati pa iyo ndi microwave, ndikadatenga gasi. Chofunika n'kuonetsetsa kuti kodzazitsa kuli pafupi ndiponso kuti mudzakwanitsa kudzazitsa ikatha. Mukamva fungo la gasi m'nyumba, tsekani pa silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, musayatse machesi kapena kukhudza switchi yamagetsi.

Nyemba: pomwe nkhuni zimathera

Pa ndiwo zathu zonse, nyemba, khobwe ndi nandolo wouma ndizo zimatha moto. Apa ndi pomwe pressure cooker imabweza ndalama zake. Poto ameneyu amatseka nthunzi m'kati, kotero madzi amatentha kufika pafupifupi madigiri 120 m'malo mwa 100. Nyemba zonyika usiku wonse zimapsa m'mphindi 20 kapena 30, pamene pa poto wamba zimatenga maola awiri kapena atatu. Banja lodya nyemba katatu pasabata limaona kusiyana pa thumba la makala. Musadzaze kupitirira theka mukamaphika nyemba, muzionetsetsa kuti kabowo kotulukira nthunzi sikanatsekeke, ndipo musatsegule nthunzi isanathe. Pogula, funsani ngati mphira wa pachivundikiro amapezeka, chifukwa ndiye amayamba kutha.

Amene alibe ndalama ya poto wotereyu asade nkhawa. Tengani dengu lakuya, muyalemo nsalu zakale, thonje kapena udzu wouma m'mbali monse, ndipo musoke kapilo kotsekera pamwamba. Nyemba zonyika muziwiritse kwambiri pamoto kwa mphindi 15 mpaka 20, kenaka poto wovundikira bwino mumuike m'dengumo n'kutseka. Pakatha maola atatu kapena anayi mupeza zafewa ndi kutentha komweko. Zikakhala kuti zayamba kuzizira, muziwiritsenso musanadye. Dengu lotere gulu lathu likhoza kusoka Loweruka limodzi masana.

Firiji: yabwino, koma pali zoti muganizire

Firiji imateteza chakudya posunga kuzizira kosapitirira madigiri 5, pomwe tizilombo sitichulukana msanga. Kwa mayi wogulitsa mafirizesi, thobwa kapena nsomba, firiji ndi mpamba ndithu. Kwa banja lomwe wina ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulin, imathandizanso kusunga mankhwalawo, bola asaume ngati ayezi.

Koma firiji imafuna magetsi usana ndi usiku. Magetsi akazima, chakudya chimakhala chotetezeka kwa maola pafupifupi anayi okha, ngati simukutsegulatsegula chitseko. Nyama yosungunuka n'kuumanso kangapo imatha kutsegula m'mimba banja lonse, chikhalirecho mayi akukhulupirira kuti inali m'firiji. Ngati kwanuko magetsi amazima tsiku lathunthu, ndipo ndiwo mumagula za tsiku lomwelo pamsika, firiji yaikulu ikhala ikungoziziritsa madzi akumwa. Njira za makolo zofutsa masamba, kuyanika nsomba ndi kuwamba nyama zikugwirabe ntchito. Chokhala ndi firiji kapena ayi, chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo chotsala muchitenthetse mpaka chituluke nthunzi musanapatse ana.

Zokongoletsa kabati

Microwave imatenthetsa chakudya, koma siphika nsima. Imatenthetsanso mosafanana, kwina kotentha kwambiri, kwina kozizira, n'chifukwa chake siyoyenera kutenthetsera mkaka kapena phala la khanda. Blender imathandiza pakhomo pomwe pali wodwala kapena agogo ovutika kutafuna. Koma amayi ena ku sikelo amandifunsa ngati mwana wa miyezi isanu ndi umodzi angayambe kudya bwino popanda blender. Angathe kwambiri. Mtondo, munsi ndi sefa zimapanga nsinjiro ndi ufa wa usipa kapena wa masamba wothira m'phala, ndipo supuni imakanya nthochi, papaya ndi dzungu. Chimene chimakuza mwana ndi kudya zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, limodzi ndi kuyamwa.

Mapoto osamatirira chakudya amakongola m'sitolo, koma mthiko ndi kukwecha ndi mchenga zimawasupula msanga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komanso chotchipitsitsa sichabwino nthawi zonse: mapoto ena osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zakale za galimoto ndi zina zotayidwa amatha kukhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana pang'onopang'ono. Pa poto wophikira tsiku lililonse, onjezerani ndalama mugule wolimba, wachitsulo chosachita dzimbiri ngati mungathe.

Zotchipa zomwe zimapulumutsa moyo

Mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Zida zomwe zimatseka njira ya matendawa n'zosadula: ndowa yovundikira yokhala ndi kampopi kuti manja ndi makapu asalowe m'madzi akumwa, mankhwala a klorini othira m'madzi, sopo, mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndi thandala loyanikapo mbale kuti agalu ndi nkhuku zisafikire. Onjezanipo mpeni wakuthwa ndi thabwa lapadera lodulira nyama yaiwisi. Khitchini yokhala ndi zimenezi yaposa ya firiji ndi microwave yomwe madzi ake ali m'chidebe chosavundikira.

Zomwe gulu lathu lingachite

Mu 2015 Papa Fransisko analemba kalata ya Laudato Si', momwe anatichenjeza za chizolowezi chogula ndi kutaya, n'kutikumbutsa kusamala chilengedwe. Kwa ife amayi, nkhaniyi imayambira pa mafuwa: mtolo uliwonse wa nkhuni womwe tapulumutsa ndi mtengo womwe watsala m'phiri.

Ngongole tizitengera chinthu chomwe chidzabweze ndalama, osati chongoonetsa alendo. Katapila wa ziwiya zokongoletsa nyumba wasokoneza mtendere m'mabanja ambiri. Tikamakonzekera kitchen top-up kapena ukwati wa mwana wa mnzathu, tiyambe tamufunsa mwini wake kuti amaphikira pa chiyani ndipo chimamuvuta n'chiyani. Kusonkherana silinda ya gasi imodzi kapena pressure cooker imodzi kuposa kumuunjikira zinthu khumi zokagona pakabati. Ziwiya zofunika kamodzikamodzi, monga mapoto akuluakulu a pamaliro ndi paukwati, gulu ligule n'kumabwerekana.

Pa msonkhano wanu wotsatira, mayi aliyense atchule chiwiya chimodzi chomwe anagula n'kungochisunga, ndi china chomwe sangaphike popanda icho. Mayankho amenewo muwalembe, adzathandize atsikana athu omwe akulowa m'banja chaka chino.