Mmene Makina Amawerengera Mawu a Pansi pa Kanema

Anzanga ambiri amayesa kuti mawu amene timawerenga pansi pa kanema ndi malemba enieni. Pa DVD ndi pa Blu-ray si tero ayi. Mzere uliwonse ndi kachithunzi chabe, ndipo kompyuta imangokaonetsa osadziwa chimene kakunena. Chifukwa chake munthu sangathe kukonza chilembo cholakwika, kapena kumasulira mawuwo m'Chichewa kuti makolo athu ndi anzathu osamva atsatire nkhani.

Ntchito yosandutsa zithunzizi kukhala malemba imatchedwa OCR. Pulogalamu monga Subtitle Edit imatenga kachithunzi kamodzikamodzi, nkusiyanitsa zilembo ndi mtundu wakumbuyo kwake, nkuzindikira chilembo chilichonse poona maonekedwe ake. Kawirikawiri imathandizidwa ndi pulogalamu ina yotchedwa Tesseract, imene a Hewlett-Packard anayamba kupanga mu 1985, naipereka kwa anthu onse mwaulere mu 2005.

Pomaliza pamatuluka fayilo ya SRT. M'menemo mzere uliwonse uli ndi nambala yake, nthawi yoonekera, nthawi yochoka, kenaka mawuwo. Tsono womasulira amangosintha mawu, nthawi zija osazikhudza.

Koma makina nawonso amaphonya. Chilembo chaching'ono l amachisokoneza ndi I wamkulu, 0 amamuyesa O, ndipo r ndi n akayandikana amawawerenga ngati m. Malemba opendekeka ndiwo amawavuta koposa. Tsono ine ndikupempha aliyense woyesa ntchitoyi kuti awerengenso mzere uliwonse akuyang'ana kachithunzi kake, pakuti wosamva adzakhulupirira chimene ife talemba. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha.