Genshin Impact: Tiyambire Pati Kuti Nkhani Isasokonekere?

Ena mwa ife tikamapita kutchuthi kwathu ku Tengani timanyamula Genshin Impact m'foni, masewera apaintaneti amene kampani ya miHoYo ya ku China inatulutsa mu Seputembala 2020. Vuto ndi loti zochita m'masewerawa n'zambirimbiri pomwe bandulo ndi batire n'zoperewera. Tikangolowa chisawawa, timamva mathero tisanamve chiyambi, ndalama ya deta itapita kale.

Nkhani yeniyeni ili mu Archon Quests, mmene mlendo akufunafuna mnzake amene anabadwa naye mapasa. Maiko ake tiwatsate mmene anatulukira: Mondstadt, Liyue, Inazuma (2021), Sumeru (2022), Fontaine (2023), kenako Natlan (2024). Pamene masewera atipatsa mwayi wodumphira kutsogolo, ife tikuti tisautenge, chifukwa anthu a kutsogoloko amalankhula ngati tikudziwa kale zam'mbuyo.

Pamene ambiri amasochera ndi pakati pa Liyue ndi Inazuma. Apa pali zigawo za Dainsleif, zazifupi, zooneka ngati zongowonjezera. Koma ndi zimene zimafotokoza za dziko lowonongedwa la Khaenri'ah ndi kumene m'bale wathu uja ali. Wozithamangira amafika ku Sumeru asakudziwa chimene akufunafuna. Zokambirana zake tiziwerenge mofatsa, ngakhale Paimon atatitopetsa ndi kulongolola kwake.

Nkhani za munthu mmodzimmodzi, zotchedwa Story Quests, tizisewere tikangokumana naye mwini wakeyo mu nkhani yaikulu. Za Ayaka ndi Yoimiya zimalowa pakati penipeni pa nkhani ya Inazuma.

Zazitali ngati Aranyaka ya ku Sumeru zidikire. Sizithawa, ndipo ndi kutentha kwa kuchigwa kuno foni imayamba kuwotcha m'manja tisanafike n'pakati pomwe. Zimene zimathawa ndi zochitika za masabata ochepa, ndipo izi ndizo zimaulula zam'tsogolo. Ngati tikadali ku Liyue, bwino kutaya mphotho yake kusiyana n'kudziwiratu zimene zikatichitikire ku Fontaine.

Masewerawa amasinthidwa pafupifupi masabata 6 aliwonse, ndipo kusinthako kumadya magigabaiti. Tizitsitsiretu pa Wi-Fi tisananyamuke, bandulo yakumudzi ikhale yosewerera basi.