Kodi Tigule Kiyibodi ndi Mausi Zopanda Chingwe?

Makolo ambiri masiku ano akupemphedwa ndi ana awo kuti awagulire zinthu zimene iwo eni sanazione n'komwe pa ubwana wawo. China mwa zinthuzo ndicho kiyibodi ndi mausi zopanda chingwe, zimene zimagulitsidwa pamodzi m'bokosi limodzi. Mwana amangoti, "Bambo, zachingwe n'zachikale," ndipo bamboyo poona mtengo wake amasowa choyankha, pakuti sadziwa ngati mwanayo akunena zoona kapena akungotengeka ndi anzake. Ife tagwiritsa ntchito zipangizozi polemba mayeso ndi malipoti a ana asukulu, ndiponso tamva zoyamikira ndi zodandaula za aphunzitsi anzathu. Chotero tifuna kukufotokozerani zimene taona, kuti ndalama zanu zisapite pachabe.

Kiyibodi si chinthu chachilendo kwa ife amene tinaphunzira kutayipa pa makina akale aja a riboni. Ndondomeko ya zilembo zake, yoyamba ndi Q, W, E, R, T, Y, inachokera ku makina a Christopher Latham Sholes wa ku America, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Mausi ndiye wamng'ono pa awiriwa. Anamuganizira ndi Douglas Engelbart, amene anamuonetsa poyera mumzinda wa San Francisco mu 1968. Woyambirira weniweni anali kabokosi kathabwa kokhala ndi timawilo tiwiri kunsi kwake, ndipo dzina lakelo, limene pa Chingerezi litanthauza mbewa, linabwera chifukwa chingwe chake chinkaoneka ngati mchira. Tsono lero tili ndi mbewa yopanda mchira, koma dzina linakhalabe. Kampani ya Logitech ya ku Switzerland inatulutsa mausi wolankhula ndi kompyuta pa mafunde a wailesi mu 1991.

Zopanda chingwezi zilipo za mitundu iwiri, ndipo wogula ayenera kudziwa chimene wanyamula. Mtundu woyamba umabwera ndi kachitsulo kakang'ono, kofanana ndi chikhadabo, kamene mumalowetsa pa bowo la USB. Kameneka ndiko kamalandira uthenga wochokera ku kiyibodi ndi mausi pa mafunde a 2.4 GHz, ndipo kamamva mpaka pa mtunda wa mamita 10 ngati palibe chotchinga. Mtundu wachiwiri ndiwo wa Bluetooth, luso limene kampani ya Ericsson ya ku Sweden inayamba kukonza mu 1994, ndipo pambuyo pake linatchedwa dzina la Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya m'zaka za m'ma 900. Mtundu umenewu sufuna kachitsulo, koma kompyuta kapena foni yanu iyenera kukhala nayo Bluetooth, ndipo makompyuta ambiri akale a patebulo alibe.

Zokoma zake n'zoonekeratu ndipo sititayapo nthawi. Patebulo pamakhala poyera, mwana wokwawa sakoka chingwe n'kugwetsa zinthu, ndipo mphunzitsi woonetsa zithunzi pakhoma angathe kuima kumbuyo kwa kalasi nasintha masamba ali komweko. Chimene ife tachikonda koposa ndi ichi: munthu wogwiritsa ntchito laputopu angathe kuikweza pamwamba pa mabuku kuti galasi lifanane ndi maso ake, kiyibodi n'kukhala pansi pamene manja afika bwino. Khosi ndi msana zimapumula. Achinyamata amene alibe kompyuta nawonso apindula, pakuti kiyibodi ya Bluetooth imalumikizika ku foni, ndipo wophunzira angathe kulemba masamba angapo ndi zala zonse khumi m'malo mopsinja kagalasi ndi zala zazikulu ziwiri.

Koma tsono nkhani yaikulu ili pa mabatire. Kiyibodi yachingwe imadya moto wa kompyuta ndipo siipempha kanthu kwa mwini wake. Yopanda chingwe imafuna mabatire, kawirikawiri aang'ono aja a AAA, pamene mausi amafuna limodzi kapena awiri a AA. Pa mabokosi ena opanga amalemba kuti mabatire a kiyibodi adzakhala zaka ziwiri kapena zitatu ndipo a mausi chaka chimodzi. Mawuwo si bodza lenileni, koma amawerengera mabatire abwino a mtundu wa alkaline ndiponso munthu wosagwira ntchito tsiku lonse. Amene agula mabatire otsika mtengo a pamsika, aja timaika mu tochi, amadandaula kuti sakhalitsa. Choipa koposa n'chakuti mabatire oterewa akatha amatulutsa madzi oyera ngati mchere amene amadya tizitsulo ta m'kati, ndipo taonapo mausi wabwinobwino atafa chifukwa anamusiya m'kabati tchuthi chonse mabatire ali momwemo. Mausi amadya moto kuposa kiyibodi chifukwa ali ndi kanyali kunsi kamene kamayang'ana tebulo nthawi zonse pamene akuyenda. Ambiri ali ndi kabatani kozimitsira kumimba kwake, koma ndi ochepa amene amakumbukira kuzimitsa. Ndipo mabatire sasankha tsiku lothera. Amatha usiku, sitolo zitatsekedwa, mayeso oti alembedwe m'mawa asanathe kutayipidwa. Nzeru yake ndiyo kusunga awiri atsopano m'dilowo, kapena kugula oti n'kuwatchajanso ngati pakhomo pali magetsi kapena sola. Otha aja musawaponye pamoto, ndiponso musawasiye pamene ana aang'ono angawatole.

Chachiwiri chimene chalizitsa anthu ambiri ndicho kachitsulo kolandira kaja. N'kochepa kwambiri kotero kuti kamatayika mosavuta, ndipo pa zipangizo zambiri zotsika mtengo kamakhala kolumikizidwa ku kiyibodi ndi mausi wake yekhayo kuchokera ku fakitale. Kakatayika simungabwereke ka mnzanu ayi, ngakhale kakhale kofanana maonekedwe. Katundu yense wasanduka chidole cha ana. Makampani ena anapanga kachitsulo koti kangathe kuphunzitsidwa zipangizo zatsopano, monga ka Logitech kotchedwa Unifying, kamene kamalandira zipangizo mpaka 6, koma zoterezi zimakwererapo mtengo. Inu makolo amene nyumba zanu zili ndi ana ambiri obwerekana zinthu, ikani lamulo: kachitsulo kazikhala pa kompyuta, ndipo kakachotsedwa kalowe m'kamalo kake kamene opanga ambiri anakonza pafupi ndi batire la mausi. Pogula zakale pa kaunjika, yambani mwafunsa kachitsuloko, ndipo muyese zonse pamaso pa wogulitsa musanapereke ndalama.

Ena amadandaula kuti kamuvi kamadumphadumpha pagalasi, kapena kuti zilembo zina zimasowa m'mawu. Nthawi zambiri chipangizocho sichinafe. Mafunde a 2.4 GHz aja ndi njira ya anthu ambiri: Wi-Fi imadutsa momwemo, Bluetooth momwemo. Ndiponso kampani ya Intel inafotokoza mu 2012 kuti zipangizo za USB 3.0, zimene mabowo ake kawirikawiri amakhala a mtundu wa buluu, zimatulutsa phokoso losokoneza mafunde omwewo. Chotero ngati mwaika kachitsulo pafupi ndi fulashi yotere, kapena kumbuyo kwa kompyuta ya chitsulo imene ili pansi pa tebulo, musadabwe. Kasunthireni ku bowo la kutsogolo. Mausi wamba sayendanso bwino pa tebulo lagalasi kapena lonyezimira. Muikireni kansalu kake kapena pepala lolimba. Palinso khalidwe lina limene limakwiyitsa otayipa mwaliwiro: pofuna kusunga moto, zipangizozi zimagona zikakhala osakhudzidwa, ndipo za Bluetooth makamaka zimachedwa pang'ono kudzuka, kotero kuti chilembo choyamba chimatayika. Kiyibodi zambiri zopanda chingwe zilibenso kanyali kosonyeza kuti mwatsegula zilembo zazikulu, ndipo munthu amalemba mawu ake achinsinsi katatu konse osadziwa chimene chikulakwika.

Pa mawu achinsinsiwo tiyenera kuchenjezana. Chimene chikuyenda mumlengalenga wina angathe kuchitchera khutu. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Bastille ya ku America anaonetsa kuti mausi ndi kiyibodi za makampani 7 odziwika zinali ndi chilema chimene anachitcha MouseJack: munthu wokhala ndi kawailesi kotsika mtengo akanatha kulowetsa malamulo mu kompyuta ya mnzake ali pa mtunda wofika mamita 100. Chaka chomwecho anapezanso kuti kiyibodi zina zotchipa zinkatumiza zilembo osazibisa n'komwe. Makampani ena anakonza zolakwikazo, koma zipangizo zakale zikadali m'manja mwa anthu. Kumudzi, kumene nyumba zili patalipatali, sitiona chifukwa chochitira mantha. Koma msungichuma kapena mlembi wa m'tauni amene amalemba manambala a ku banki angachite bwino kufuna kiyibodi imene pabokosi pake palembedwa kuti imabisa zilembo ndi AES, kapena kungokhala ndi yachingwe.

Kanthu kena sikakhudza chingwe koma kamasokoneza ogula ambiri. Kiyibodi ya ku Britain ndi ya ku America zimasiyana: chizindikiro cha @ pa ya ku America chili pamwamba pa nambala 2, pamene pa ya ku Britain chili kudzanja lamanja pafupi ndi batani la Enter. Ngati chimene mwasindikiza sichimene chikutuluka, uzani kompyuta mtundu wa kiyibodi yanu, musathamangire kubweza katundu. Ndipo pa zonse ziwiri mulibe chilembo chathu cha ŵ cha m'dzina la Malaŵi. Mu Microsoft Word lembani 0175, kenaka musindikize Alt ndi X pamodzi, ndipo chidzatuluka.

Tsono tigule kapena ayi? Kwa mwana amene ali ndi foni yokha koma ali ndi zolemba zambiri za kusukulu, kiyibodi ya Bluetooth ndi mphatso yaphindu. Kwa mphunzitsi woyenda ndi laputopu, zopanda chingwe zimathandiza ndithu. Koma kwa kompyuta ya banja imene imakhala pa tebulo limodzi chaka chonse, kapena ya m'chipinda cha makompyuta pasukulu pamene manja makumi anayi amaigwira pa tsiku, ife tikuti gulani zachingwe. N'zotsikirapo mtengo, sizifuna batire, ndipo palibe kachitsulo koti mwana n'kupita nako kwawo m'thumba la yunifolomu.