Mapazi Omangidwa a Atsikana a ku China

Tikutengerani kutali kum'mawa, ku dziko la China, kumene kwa zaka pafupifupi 1,000 kukongola kwa mwana wamkazi ankakuyesa pa mapazi ake. Mwambowo unayambira m'nyumba za mafumu cha m'zaka za m'ma 900, nutsikira pang'onopang'ono kwa olemera, kufikira unalowa m'midzi ya alimi.

Machitidwe ake anali otere. Mwana akafika zaka 5 kapena 6, mafupa akali anthete, amai ake kapena agogo ake ankamviika mapazi m'madzi ofunda, namuwenga zikhadabo. Atatero ankapindira zala zinai kunsi kwa phazi, kusiya chala chachikulu chokha, nakulunga phazilo ndi nsalu yotalika mamita 3, nakoka zolimba kuti chidendene chiyandikane ndi zala. Pakapita masiku owerengeka ankamasula, natsuka mafinya, namanganso kolimba koposa kale. Mwanayo ankamuumiriza kuyenda, kuti kulemera kwa thupi lake lomwe kuthyole mafupa. Ena zala zinkawola, ena ankafa nazo zilondazo. Phazi lotamandika linali la masentimita 10, lochepera chikhato cha munthu wamkulu, ndipo ankalitcha kakombo wagolide.

Mudzafunsa kuti, kodi amai amenewo analibe chisoni? Ife tiyesa kuti anali nacho, pakuti iwonso anapirira zomwezo ali ana. Koma ankaopa chinthu china choposa misozi ya mwana. Masiku amenewo ukwati ankapangana ndi makolo, mnyamata ndi namwali osaonana, ndipo nthawi zambiri apongozi ankangoona nsapato ya namwaliyo. Nsapato ikakhala yaing'ono, ankati mwanayo ngoleredwa bwino, wopirira, womvera. Ikakhala yaikulu, anthu ankamseka, ndipo banja labwino silinkamuyang'ana. Komanso mwana wosatha kuthamanga ankakhala pansi tsiku lonse kupota thonje ndi kuomba nsalu, ntchito imene inkadyetsa mabanja ambiri.

Lamulo lokha silinathe kanthu. Mfumu Kangxi, wa mtundu wa Amanchu umene akazi ake sankamanga mapazi, analetsa mwambowo m'chaka cha 1664, koma pofika 1668 lamulolo linachotsedwa, anthu atakana kulimvera. Mphamvu inadza pamene makolo anayamba kugwirizana. M'chaka cha 1874 mmishoni John Macgowan anasonkhanitsa akazi achikhristu mu mzinda wa Xiamen, nayambitsa nawo bungwe lokana kumanga mapazi. Mu 1895 mai Alicia Little anayambitsa lina ku Shanghai, ndipo Atchaina ophunzira monga Kang Youwei anali ndi mabungwe awoawo. M'mabungwe ambiri wolowa ankalonjeza zinthu ziwiri: kuti sadzamanga mwana wake wamkazi, ndi kuti sadzalola mwana wake wamwamuna kukwatira namwali womangidwa. Lonjezo lachiwirili ndilo linachotsa mantha a amai, chifukwa tsopano mwana wa mapazi achibadwa anali ndi womkwatira. Pamene Mfumukazi Cixi anadzudzula mwambowo mu 1902, ndi boma latsopano kuuletsa mu 1912, njira inali italambulidwa kale.

Koma taganizani za atsikana aja amene anamangidwa chakumapeto. Anamva zowawa kuti akondedwe, ndipo atakula anapeza kuti chimene anachivutikira chasanduka chonyozeka. M'zigawo zina boma linkatuma oyendera kukavula akazi nsalu za kumapazi ndi kulipitsa makolo. Komatu fupa lothyoka siliwongoka, ndipo kumasula kunkawawa monga kumanga komwe.

Mmodzi wa iwo ndi Zhu An, mkazi wa Lu Xun, mlembi wotchuka wa dziko limenelo. Lu Xun ali ku sukulu ku Japan anapempha kuti namwali amene amai ake anamsankhira amasule mapazi ndi kuphunzira kuwerenga, koma sizinachitike. Akuti pa tsiku la ukwati, m'chaka cha 1906, Zhu An anavala nsapato zazikulu nazitsendera thonje kuti akondweretse mwamuna wake, ndipo potsika m'machila nsapato imodzi inavuka nigwa pansi anthu onse akuona. Patapita masiku ochepa mwamunayo anabwerera ku Japan. Pambuyo pake anakhala ndi mkazi wina wophunzira, pamene Zhu An anatsala kusamala apongozi ake, namwalira ku Beijing mu 1947 wopanda mwana.

Nyumba yotsiriza yosoka nsapato zazing'onozo, ya mu mzinda wa Harbin, inaleka ntchitoyo mu 1999. Koma kuyesa thupi la namwali sikunathere pomwepo. M'chaka cha 2016 atsikana ambiri a ku China ankadzijambula atagwira pepala lolembera la mtundu wa A4 patsogolo pa mimba, kuonetsa kuti chiuno chawo chikubisika kuseri kwake, natumiza zithunzizo pa intaneti. Panalibe amai kapena agogo wowaumiriza. Pepalalo ankaligwira okha, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 21.