Kodi galimoto imadziwa bwanji kuti kwada?

Munaonapo kanthu kakuda konga batani pa dashibodi, pafupi ndi galasi lakutsogolo? Kameneko ndi kadiso ka galimoto. M'magalimoto ena kamabisala kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo. Mkati mwake muli photodiode: kuwala kukachepa, karenti yodutsamo imatsika, ndiye kompyuta imayatsa nyali.

Pemphani mwini galimoto alize injini, swichi ikhale pa AUTO, inu mukaphimbe ndi nsalu. Pakapita masekondi angapo nyali ziyaka. Kuchedwako n'kwadala, kuti zisamangophethira pansi pa mtengo uliwonse.

Zikamayaka masana, chotsani kaye mapepala ndi fumbi, kenako sinthani sensitivity mu menyu ngati ilipo. Koma chifunga chamasana chimakapusitsa ndithu kadisoka, poti kuwala kumakhalapobe. Pamenepo dalaivala ayatse yekha, anzake amuone.