Luther anafa msanga, ulemu n'kupita kwa ena

Dzuwa likapendeka, anthu oweruka m'mafakitale a ku Makata amakwera ulendo wa ku Ndirande, kudutsa timashedi ta vidiyo momwe anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa amakhala akufuula pa sipika. Mwa nkhani zomwe zimakoma m'timashedimu muli za atambwali, chifukwa tinakula ndi nthano za Kalulu wopusitsa Njovu. Koma kodi m'mafilimu oterewa, ndani amapatsidwa nzeru, ndani amangofa, nanga ndani amaomberedwa m'manja?

Filimu yomwe ambiri amati ndi gogo wa nkhani za utambwali ndi The Sting ya mu 1973, yomwe anatsogolera George Roy Hill. Nkhaniyi ikuchitika mu 1936, ku Joliet ndi ku Chicago. Bambo wachikulire wachikuda, Luther Coleman, wagwa m'kanjira ngati wabayidwa mwendo, ndipo akupempha munthu wodutsa kuti amuperekere ndalama kwinakwake. Mnzake Johnny Hooker akulangiza wodutsayo kuti aphatikize ndalamazo ndi zake m'kampango, azibise m'buluku. Wodutsayo atafika patali n'kumasula kampangoko, akupeza mapepala okhaokha. Madola 11,000 apita.

Ndalamazo zinali za chigawenga Doyle Lonnegan, ndipo Luther akuphedwa filimu isanapite patali. Zonse zotsatira, mpaka nyumba yabodza yobetcherapo mahatchi momwe Lonnegan akutayamo madola 500,000, ndi kulipsira imfa ya Luther. Iye ndiye anaphunzitsa Hooker ntchito, ndiyenso anamuuza kuti akapeze tambwali wina, Henry Gondorff. Amati atambwali sametana, koma Luther ndi Hooker ankakhulupirirana, ndipo Hooker ankalowa m'nyumba ya Luther ngati mwana wa pakhomo.

Amene anasewera ngati Luther ndi Robert Earl Jones, bambo ake a James Earl Jones. Dzina lake salikumbuka ambiri. Okumbukika ndi Paul Newman ndi Robert Redford. Nyimbo zomwe zinakometsa filimuyi anapeka ndi Scott Joplin, wachikudanso, yemwe anamwalira wosauka mu 1917. Mphoto ya Oscar ya nyimbo inapita kwa Marvin Hamlisch, amene anazikonzanso. Mwa mphoto 7 zomwe filimuyi inalandira, yaikulu inachititsa Julia Phillips kukhala mayi woyamba kuilandira ngati mkonzi wamkulu. Komabe m'nkhaniyo amayi oonekera kwambiri ndi awiri okha, Billie ndi Loretta Salino.

Kuno kwathu atambwali tili nawo. Amaimba foni ngati abale odwala, amatumiza uthenga wakuti ndalama yalowa molakwika, ndipo apolisi akhala akunena kuti ena amachita izi ali m'ndende ya Zomba. Woberedwa nthawi zambiri ndi mayi wogulitsa tomato kapena agogo a kumudzi, anthu omwe mafilimu akunja sawaika patsogolo.

Luso lojambula lilipo. The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, yofotokoza moyo wa amayi oyendayenda mu Blantyre, inapata mphoto ku Nigeria mu 2018. Wojambula amene adzatenge nkhani ya utambwali wa pa foni asadzachite zomwe zinachitikira Luther. Mayi wa tomatoyo apatsidwe dzina, nzeru ndi mawu, akhalepo mpaka filimu ithe, ndipo omusewera akhale wa ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni komwe.