Musawatche akuba ana opitiriza nkhani za eni

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, pakuti mlandu wodziulula wekha umapepukako. Chaka chatha ndidazimitsa moto mumtima mwa mwana wa mlongo wanga, ndipo chida chake chidali pakamwa panga pomwepa.

Mtsikanayu adalemba mayeso a Fomu 4, ndipo podikira mwayi wopitiriza sukulu amakhala pa kabenchi ku Limbe, kugulitsa mayunitsi ndi kutumizira anthu ndalama pa foni. Makasitomala akachepa amatulutsa kope ndi bolopeni n'kumalemba. Tsiku lina ndikudutsa ndidamufunsa chimene chidamuweramitsa choncho. Iye adati: "Amalume, ndikukonza mathero a filimu ija." Ankanena filimu ina ya zigawozigawo ya ku India imene mayi ake ankaonera madzulo alionse pa kanema. M'filimumo mudali mtsikana wantchito amene adazunzika kuyambira gawo loyamba, kenaka eni filimu adangomutaya osatiuza kumene adathera. Mwana wa mlongo wangayu zidamuwawa, ndiye adamutola mtsikanayo n'kumulembera moyo wake wonse, makope awiri odzaza, m'Chichewa chathu chomwechi.

Ine osatsegula ngakhale tsamba limodzi ndidati: "Iwe, kumeneku ndi kuba. Anthu amenewo adawapanga ndi ena. Ngati ukufuna kukhala mlembi peka zako." Adangoti "Chabwino amalume," n'kulowetsa kope m'chikwama. Patapita miyezi inayi mlongo wanga adandifunsa chimene ndidamuuza mwana wake, chifukwa kuyambira tsiku limenelo sadagwirenso bolopeni kupatula polemba manambala a makasitomala.

Abale anga, zimene ankachita mtsikanayu zili ndi dzina. Pa Chingerezi amati fan fiction, kutanthauza nkhani zimene munthu wokonda buku, filimu kapena sewero linalake amalemba potenga anthu a m'nkhanimo n'kuwapititsa kumene mwini nkhani sadawafikitse. Ndipotu si zachilendo ayi. Mu 1893 mlembi wa ku Britain, Arthur Conan Doyle, atatopa naye katswiri wake wofufuza milandu, Sherlock Holmes, adamuponya m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland kuti nkhani ithere pomwepo. Owerenga adakwiya zedi, ndipo mu 1903 mkuluyo adamudzutsa Holmes uja. Kuyambira nthawi imeneyo alembi osawerengeka akhala akulemba nkhani zawozawo za Holmes. Ku America, filimu ya pa kanema ya Star Trek itayamba mu 1966, chaka chotsatira oikonda adatulutsa kamagazini kawo kotchedwa Spockanalia, kodzaza ndi zolemba zawo. Intaneti itabwera zinthu zidafalikira: FanFiction.net idatsegulidwa mu 1998, Archive of Our Own mu 2009, ndipo malo achiwiriwa, amene amasunga nkhani mamiliyoni, adalandira mphoto yotchuka ya Hugo mu 2019.

Mwina wina ati zimenezo ndi masewera a ana a azungu. Nanga Shakespeare, amene ambiri a inu ophunzira mwatuluka naye thukuta ku sekondale? Nkhani ya Romeo ndi Juliet sadaiyambe ndi iye. Adaitenga mu ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562. Jean Rhys naye adawerenga Jane Eyre, buku la Charlotte Brontë la mu 1847, n'kumvera chisoni mayi amene mwamuna wake adamutsekera m'chipinda chapamwamba ati ndi wamisala. Mu 1966 adatulutsa Wide Sargasso Sea, momwe mayi uja adamupatsa ubwana, kwawo ndi mawu akeake. Taonani, ndi zomwe zija za pa kabenchi ka ku Limbe: kutola munthu amene mwini nkhani adamutaya pambali.

Ife tomwe tidakula nazo. Ndani mwini wake wa Kalulu? Agogo akati "Padangokhala" ife n'kuyankha "Tili tonse," nthano yomweyo inkatuluka mosiyana pa khonde lililonse, ndipo palibe adaitanidwa ku bwalo chifukwa choonjezera msampha wina pa njira ya Fisi. Ndipo ndi angati a ife amene pa nthawi yopuma ku pulayimale tinkagawana kuti iwe ndiwe Izeki ine ndine Jakobo, n'kumapeka mikangano imene malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi sadaiseweretu n'komwe?

Koma chimene chidandichititsa manyazi kwenikweni si mabuku. Ndidakumbukira mmene ine mwini ndidaphunzirira zisudzo.

Ndili mnyamata ndidalowa kagulu kena ka zisudzo kamene kankakumana m'holo ya tchalitchi china ku Ndirande. Ndidapita ndikudziona ngati katswiri kale, chifukwa kusukulu ndikavala jekete long'ambika, kuika pilo pamimba n'kukuwa, anthu ankagwa nako kuseka. Aphunzitsi athu, bambo wina wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, adandipatsa mbali ya mlonda wa pa geti, wolankhula kanayi kokha m'sewero lonse. Nditadandaula adati: "Mnyamata iwe, mlonda ameneyu ukumudziwa? Kwawo n'kuti? Wadya chiyani lero? Ali ndi ngongole kwa ndani? Usiku akamva mtswatswa amaopa wakuba kapena amaopa bwana? Pita ukalembe, ubwere nazo Loweruka."

Ndidalemba masamba asanu ndi limodzi. Mlonda wanga adachokera ku Thyolo, adasiya ntchito yothyola tiyi msana utayamba kuvuta, adali ndi ana anayi, ndipo malipiro a miyezi iwiri adali asadalandire. Zonsezi mwini sewero sadazilembe, ndipo oonera sadazimve. Koma nditaima pa siteji, kaimidwe kanga kadasintha. Bwana akamalankhula ndinkayang'ana thumba lake la malaya, osati nkhope. Tsiku limenelo sindidaseketse munthu, koma nditatsegula pakamwa holo idakhala chete, ndipo ndidadziwa kuti kwa nthawi yoyamba ndachita sewero.

Tsono tandiuzani, masamba asanu ndi limodzi aja adali chiyani? Kodi sikudali kutenga munthu wa m'nkhani ya mwini n'kumulembera moyo? Chimene aphunzitsi adanditumira ngati phunziro ndi chomwecho chimene ine ndidachitcha kuba.

Pambuyo pake ndidadzadziwa kuti njira imeneyi ili ndi gwero lake. Konstantin Stanislavski wa ku Russia, amene adayambitsa nawo Moscow Art Theatre mu 1898, ankaphunzitsa kuti wochita sewero asamangotsanzira nkhope ya chisoni kapena ya ukali. Ayambe wafufuza zonse zomuzungulira munthu amene akumusewerayo, adziwe chimene akufuna pa mphindi iliyonse, kenaka adzifunse kuti: ndikadakhala ine m'zimenezi, bwenzi nditatani? Buku lake la An Actor Prepares lidatuluka m'Chingerezi mu 1936, ndipo sukulu zambiri za zisudzo zimatengerabe mfundo zake. Funso lomwelo la "bwenzi zitatani" ndi limene limagwiritsa bolopeni mwana wopitiriza nkhani. Onse awiri ali pa ntchito imodzi, yolowa m'khungu la munthu wina ndi kumumvetsa.

M'holo muja tidaphunziranso zina zimene luso lobadwa nalo silingakupatse. Tinkagona chagada n'kuika buku pamimba kuti tizolowere kupuma ndi mimba, mawu afike pa benchi yomaliza popanda kukuwa. Tinkabwereza chiganizo chimodzi kakhumi, ulendo uliwonse ndi cholinga china: kupempha, kuopseza, kunyengerera. Tidaphunzira kumvetsera mnzathu m'malo mongodikira kuti atseke pakamwa tilowepo. Ndiye padali lamulo la masewero ongopeka pomwepo, limene Keith Johnstone adalifotokoza bwino m'buku lake la Impro mu 1979: mnzako akakupatsa kanthu, landira n'kuonjezerapo. Akati "Taona njoka iyo!" iwe usati "Palibe njoka apa," chifukwa wapha sewero. Lumpha, funsa ngati ndi mbobo, thamangira ndodo. Mwana wa mlongo wanga adandipatsa njoka yake, ine n'kuti palibe njoka.

Maphunziro otere sachotsa luso, amalinola. Malemu Du Chisiza Jr. adayamba kuonekera ali pa sukulu ya HHI kudzera m'mipikisano ya zisudzo ya ATEM, koma sadakhutire ndi kuomberedwa m'manja. Adapita ku America kukaphunzira zisudzo, ndipo atabwerera adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, koma dzina lake likutchulidwabe. Ngati munthu wa luso lotere adaona kufunika kokhala pansi n'kuphunzira, nanga ife ongodalira pilo pamimba?

Inu a geni mukuzidziwa bwino zimenezi. Telala amayamba ndi kuphwasula malaya osokedwa ndi wina kuti aone mmene kolala imalowera. Kalipentala amayamba ndi kutengera mpando wa bwana wake. Palibe amabadwa ndi sitayilo yakeyake. Mwana wolemba nkhani yopitiriza wabwereka anthu ndi malo, choncho mphamvu zake zonse zikupita pa kuphunzira kulukana kwa zochitika, kayankhulidwe ka anthu ndi kamalizidwe ka nkhani. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Komabe tisabise mbali inayo, pakuti mantha anga aja sadali opanda pake kotheratu. Ntchito ya mlembi ndi katundu wake. Kuno kwathu kuli lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa chifukwa chomwecho. Kunjanso kuli alembi, monga George R. R. Martin, amene adanena poyera kuti sakondwera ena akamalemba nkhani ndi anthu awo. Ndiye iwe wolemba, nena poyambirira penipeni kuti anthuwa ndi a uje, ine ndangobwereka. Usakopere mawu a mwini n'kumati ndi ako, chifukwa kumeneko ndiye kuba kwenikweni. Usasindikize n'kumagulitsa pa msika nkhani yokhala ndi anthu a mwini popanda chilolezo chake. Ukafuna kudya nalo luso lako, peka anthu akoako, kapena tenga za m'nthano zathu zimene ndi chuma cha tonse.

Nanga ife owerenga, makolo, aphunzitsi ndi amalume a pakamwa polasa, tiwalimbikitse bwanji? Ndibwereke njira ya aphunzitsi athu aja. Tikamaliza kuyeserera tinkakhala mozungulira, iwo n'kuyamba ndi chimene chayenda bwino, ndipo ankachitchula ndi dzina: "Pamene udaima kaye usadayankhe paja, pamenepo ndidakukhulupirira." Akatero ankatchula cholakwika chimodzi chokha choti ukakonze sabata imeneyo. Sadanenepo kuti "ulibe luso," komanso sadanenepo "zonse zili bwino" pongofuna kukusangalatsa.

Chitani chimodzimodzi. Mwana akakupatsani kope kapena akakutumizirani nkhani pa WhatsApp, werengani mpaka kumapeto musadaweruze. Muuzeni malo enieni amene adakugwirani mtima. Mufunseni funso lokhudza anthu akewo, chifukwa funso limasonyeza kuti mwawerengadi. Cholakwika mumuuze pambali, osati pa gulu. Mawu oti "zabwino, pitiriza" ndi okoma koma saphunzitsa kanthu, ndipo mawu oti "zachibwana" amatha kutseka kope mpaka kalekale.

Inunso olemba, pitani kumene anzanu akuyeserera zisudzo, kaya kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti, muwapatse tsamba limodzi awerenge mokweza. Khutu limagwira bodza limene diso lalilekerera. Ndipo inu a zisudzo, musadakwere siteji gulani kope la masamba ochepa mulembe moyo wa munthu amene mukumusewera. Mutu umodzi susenza denga. Magulu awiriwa akusowana.

Ine ndidabwerera ku Limbe. Ndidakhala pa kabenchi kaja n'kupempha makope aja, ndipo mwini wake adandiyang'ana nthawi yaitali asadawatulutse. Ndidawerenga onse awiri usiku umodzi. Mawa lake ndidamuuza kuti pamene mtsikana wantchito uja akuwerenga ndalama zake zoyamba kawiri, kuopa kuti walota, ndidaika kope pansi kaye. Ndidamuuzanso chimodzi choti akonze: anthu ake onse ankalankhula mofanana, gogo ngati mtsikana, bwana ngati wantchito. Loweruka lotsatira ndidapita naye kwa achinyamata ena a zisudzo, adamuwerengera masamba atatu, ndipo iye mwini adayamba kuseka atamva gogo wake akulankhula ngati mwana wa Fomu 2.

Pano akulembanso. Sabata yatha adandionetsa tsamba loyamba la nkhani yatsopano, ya mayi wogulitsa kaunjika amene wapeza kalata m'thumba la jekete la m'belo. Anthu ake ndi akeake, sadabwereke kwa wina aliyense. Nditamufunsa kuti kalatayo ikuti chiyani adati: "Amalume, mudikire Loweruka."

Ine ndidachita mwayi, kope lidatsegukanso. Ena mwa makope amene tawatseka ndi pakamwa pathu sadzatsegukanso. Ngati m'nyumba mwanu, m'kalasi mwanu kapena pa benchi yoyandikana ndi yanu pali mwana woweramira kope, lero lomwe mupempheni kuti muwerengeko.